Tenti Yomangiramo Duku

Amuna anga anali onyamula katundu wa alendo m'phiri la Mulanje, mbali yathu ino ya Phalombe. Ankakwerera pa Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo akapita ankatha masiku angapo osabwera. Ine phirilo ndinkalidziwira m'munsi mokha, motola nkhuni. Za kumwamba ndinkangomvera kwa iwo, kuti kuli udzu ndi miyala yokhayokha, kuti kumazizira mpaka mano kuwawa, ndiponso kuti alendo amachokera kutali kudzavutika dala.

Anamwalira ndi chifuwa nyengo yokolola nandolo. Za matendawo sindinena zambiri.

Pa zinthu zimene anasiya panali katenti kobiriwira kogona munthu mmodzi. Anawasiyira ndi mlendo wina amene anayenda naye bwino. Ankakakonda katentiko. Ana sankaloledwa kuseweramo. Akatsika kuphiri ankakayanika pamthunzi, pansi pa mtengo wa mango, ndipo matope ankangopukuta ndi kansanza konyowa. Ine ndinkaona ngati ndi ulesi wa amuna basi. Tsiku lina ndinawauza kuti andipatse ndikachape limodzi ndi mabulangete, iwo anangoti, "Kameneka kasiyeni, amake ana." Chifukwa chake sananene, inenso sindinafunse.

Kwathu kuno munthu akamwalira, zovala zake ndi zofunda zake zonse zimachapidwa zisanagawidwe. Namfedwa sachapa nawo, amakhala m'nyumba. Ndiye amayi a kuchimuna ndi a kwathu anasonkhanitsa zonse n'kupita nazo kumtsinje. Tenti ija anaipeza m'thumba limodzi ndi bulangete. Anaona kuti ndi chinthu chimene munthuyo ankagonamo, ndiye chinayenera kuchapidwa ngati zina zonse. Anaiviika m'sopo waufa, n'kuipuntha pamwala, n'kuikwecha ndi chitsononkho, kenako n'kuiyanika pathanthwe dzuwa lili phwee. Inabwera yoyera bwino, ikununkhira sopo. Achemwali a malemu ananyadira nayo kwambiri. Anati chiibweretsere tentiyo inali isanaonepo madzi.

Pogawa katundu, apongozi anga aakazi ananena kuti tenti ndi nsapato za jombo zitsale kwa ine, ndidzaone chochita nazo pothandiza ana. Ndinaziika pamwamba pa mtanda wa denga, osazikhudzanso.

Chaka chinatha, anandisudzula monga mwa mwambo. Chimanga chaka chimenecho sichinachite bwino, tinkadalira chinangwa. Ndinkapita ku maganyu opalira, nthawi zina n'kumagulitsa nkhuni. Ndiye tsiku lina kunabwera alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, amene amalondolera alendo m'phiri momwemo. Anakhala pakhonde n'kuyamba ndi nthabwala monga mwa chizolowezi chawo.

"Alamu, mwaonda. Mukudya nkhuni zomwezo kodi?"

"Inuyo ndiye mwanenepa bwanji, poti mumadya mabisiketi a alendo?"

Anaseka, kenako n'kunena chimene anadzera. Munthu amene ankawaphikira alendo anali atapita ku Joni. Kunali kubwera gulu la alendo, ambiri mwa iwo amayi, ndipo ankafuna wophika. Anati mpunga ndi nyemba zimene ndinkawamangira malemu pa ulendo, anzawo onse ankazilimbirana. Ndikakaphika bwino ulendo umenewu, azidzanditenga maulendo ena onse.

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Koma iwo anakweza dzanja.

"Muyambe mwawauza amayi. Akakana, ine sindingakutengeni. Sindifuna kuti azidzandilankhula m'Chilomwe chaka chathunthu."

Apongozi angawo akakhala pamtendere amalankhula Chichewa. Akakwiya mawu onse amatuluka m'Chilomwe. Kunena zoona analibenso mphamvu pa ine, poti anali atandisudzula. Koma ndi agogo awo a ana anga, ndipo wonditengayo anali mwana wawo. Ndinapita, alamu atandiperekeza.

Anandimvetsera akusenda chinangwa. Za kukwera phiri sanadandaule, anati mkazi wosenza nkhuni sangalephere. Funso lawo linali limodzi.

"Mukagona pati?"

Ndinali ndisanaganizeko. Alamu anafotokoza kuti kumwambako kuli nyumba zamatabwa. Alendo amagona m'chipinda chachikulu, onyamula katundu onse amagona chipinda chimodzi cha kuseri.

"Amuna okhaokha?"

"Ee, amayi."

"Ndiye mkazi wamasiye akagone pakati pa amuna, pamphasa imodzi? Asanatsike n'komwe nkhani idzakhala itafika kale kuchigayo. Ana awa azidzayenda bwanji? Ayi."

Sindinawaone kulakwa. Ndimawadziwa anthu a kwathu, ndipo inenso sindikanagona tulo m'chipinda chimenecho. Ndipamene ndinakumbukira chimene chinali pamtanda wa denga.

"Amayi, nanga nditakagona ndekha m'tenti ya mwana wanu ija?"

Anasiya kusenda. Kenako anati aione kaye itaimikidwa.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwawo. Alamu anaiimika pabwalo, n'kunena kuti tiiyese ndi madzi, chifukwa nyengo imeneyo kuphiri kumakhala chiperoni, ndipo nthawi zina chimasanduka mvula yeniyeni. Anakatenga kheni yothirira kudimba. Ine ndinakwawira m'kati n'kugona chagada. Fungo la amuna anga munalibe, munali la sopo lokha. Kudenga kwake kunkayoyoka tinthu toyera ngati gaga. Alamu atangoyamba kuthira, madzi anandidonthera pamphumi, kenako pachifuwa, kenako paliponse. Ndinatuluka bulauzi itamatirira.

Alamu anapisa mutu m'kati, n'kupala nsaluyo ndi chikhadabo.

"Anachapa ndani tenti imeneyi?"

"Tinachapa ife," anatero apongozi. "Nanga tikanasiya thukuta la malemu?"

"Ndi sopo?"

"Ayi, ndi phala. Funso lanji limenelo?"

Alamu anagwira kumutu. Anafotokoza kuti nsalu ya tenti imakhala yomatidwa kunsi ndi kanthu kopyapyala ngati ulimbo, kamene kamatsekereza madzi. Sopo amakadya, kupuntha pamwala kumakathetsa, dzuwa n'kudzamaliza. Gaga uja anali kanthu kameneko.

Palibe anakalipira mnzake. Amene anachapawo anachita zimene timachitira malemu aliyense. Koma ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kukalira. Ndinkangomva mawu aja akuti kameneka kasiyeni, amake ana.

Ndinayesa kuikonza. Ndinasungunula makandulo n'kupaka m'misoko, koma pouma phulalo linkasweka. Ndinayesa kufunditsa pepala la pulasitiki pamwamba, alamu n'kunena kuti mphepo ya kumwamba idzalitenga n'kukaliponya ku Mozambique. Masiku obwera alendo ankayandikira, ine ndilibe pogona, ndipo apongozi mawu awo anali omwe aja.

Amene anapeza njira ndi alamu. Anzawo ena onyamula katundu analinso ndi matenti osiyiridwa ndi alendo, ongokhala m'nyumba. Ndipo onsewo ankazisirira jombo za malemu, chifukwa zinali zolimba. Ine sizinkandikwana, mapazi anga onse awiri akanalowa m'jombo imodzi. Anati abwereka matenti atatu ndisankhe imodzi, mwini wake atenge jombo.

Anabwera nawo Loweruka m'mawa, atawamanga pa keliyala ya njinga. Tinakumananso pabwalo la apongozi. Ndinali nditabwera ndi dengu, mapoto amene ndidzaphikire, ndi thumba la mpunga, chifukwa wophika amasenza yekha ziwiya zake. Mumtima ndinali ndi zinthu zitatu. Tentiyo ndizitha kuisenza pamodzi ndi mapoto. Ndizitha kuiimika ndekha, chifukwa ngati madzulo alionse ndiziitana mwamuna kuti adzandigwirire, ndiye palibe chimene ndathawa. Ndipo isadonthe.

Yoyamba inali yaikulu, ya buluu, yogona anthu atatu. Itaima, apongozi anaizungulira akugwedeza mutu.

"Iyi ndiye nyumba. Ili ndi khonde lomwe."

Inalidi yabwino. Munthu unkatha kugwada momasuka, mapoto n'kukhala pakona. Madzi a m'kheni ankangotsetsereka. Koma poimika zinatengera ine kugwira ndodo mbali ino, alamu mbali inayo. Titaipinda ndinaiika m'dengu pamwamba pa mapoto, ananditwika, n'kuyenda nayo kukafika pamjigo pamtunda paja. Pobwerera khosi linali litayamba kale kulankhula. Nkhuni zimalemera kuposa pamenepo, inde, koma nkhuni umatsika nazo. Izi zinali zokwera nazo tsiku lonse.

Ndinkaopa kuikana poti apongozi anali ataikonda. Koma nditatula ndinapeza akuiyang'ana ndi diso lina.

"Mwati imagona angati?"

"Atatu, amayi," anayankha alamu.

"Ndiye muzikagonamo nokha? Anthu adzafunsa kuti malo enawo ndi a yani. Ichotseni."

Alamu anaseka mpaka kukhala pansi.

Yachiwiri ndi imene alamu ankaifuna. Itapindidwa inkakwana m'manja, kulemera kwake ngati botolo la mafuta ophikira. Nsalu yake inali yotuwa, yopyapyala ngati khoko la anyezi. Anati alendo odziwa kuyenda amagula zoterezi, ndipo m'dengu sindidzaimva n'komwe. Zinali zoona. Ndinaiika pamutu n'kumaifufuza ndi dzanja ngati ilipo.

Kuimika kwake kunali kovuta pang'ono. Inali ndi kandodo kamodzi kokhota kumutu, kwina konse inkadalira zingwe ndi zikhomo. Pabwalo la apongozi pouma, zikhomo zina zinkapindika. Ndinafunsa kuti nanga pathanthwe zidzalowa bwanji, alamu anati ndizidzamangirira kumiyala. Ndinavomera. Ndinalimbana nayo ndekha mpaka inaima.

Inali yaitali, yotsika, yotakata kumapewa, yopanikiza kumapazi. Polowa unkayamba miyendo, n'kumadzikoka chagada. Nditagona, nsalu inali pafupi ndi mphuno. Manja analibe kopita, ndinangowasanjika pamimba. Alamu anatseka zipi kuti athire madzi.

Sindinamve n'komwe ngati anathira. Ndinangoona bokosi la maliro lija. Ndinaona mmene anawagonekera amuna anga, manja ali pomwe panali angawa, ndi mmene chivundikiro chinatsikira. Mpweya unandithera. Ndinkafuna kukuwa koma mawu sankatuluka, ndinkangomenya nsalu ndi zigongono.

Amene anakuwa ndi apongozi, m'Chilomwe. Ankamuuza mwana wawo kuti atsegule msanga. Iwo eni anandikoka mapewa, nkhalamba imene imadandaula msana tsiku lililonse. Tinakhala pansi tonse awiri, iwo atandigwira dzanja. Iwonso anali ataona zomwezo ali kunja.

"Pepani alamu," anatero alamu patapita nthawi. "Ine ndimangoganiza za kulemera."

"Ipinde," anatero apongozi. "Mwana wanga mmodzi analowa kale m'chotere. Wakwana."

Ndinamwa madzi. Ndinali nditataya mtima, chifukwa matenti abwino awiri anali atapita, ndipo yotsalayo alamu anali ataibweretsa mongodzazitsa. Inali yofiirira, yosuluka, ili ndi chigamba cha chubu cha njinga pakona. Atangomasula thumba lake tonse tinabweza mutu. Mkazi wa mwini wake amagulitsa matemba a ku Chilwa, ndipo tentiyo inkasungidwa chipinda chimodzi ndi matembawo.

"Iyi ndiye simudzasowa ndiwo," anatero alamu. "Muzidzangonunkhiza n'kumeza."

Zikhomo inalibe, zinatayika kalekale. Inali ndi ndodo ziwiri zolumikiza, zopingasana pamwamba. Alamu anandionetsa kamodzi, n'kuigwetsa, n'kukaima patali manja ali kumbuyo. Ndinalumikiza ndodo, kuzilowetsa m'makona, kukoleka nsalu, basi yaima. Inaima yokha popanda chikhomo ngakhale chimodzi. Ndinainyamula ndi manja awiri ngati dengu lovundikira nkhuku n'kukaiika pena. Pamwamba pake pankabwera nsalu ina yotchinga mvula, m'kati muli neti ngati ya udzudzu.

Polemera inkaposa yotuwa ija, koma kwa ya buluu inali mwana. Ndinapita nayo pamjigo ndi mapoto n'kubwerera khosi lili chete.

Kulowa ndiye ndinkaopa. Khomo lake linali m'mbali, osati kumutu. Ndinakwawa n'kukhala pansi, ndipo mutu sunagunde kudenga. Ndinakhala tsonga, miyendo nditatambasula. Kenako, sindikudziwa chimene chinandiuza, ndinavula duku n'kulimanganso. Zigongono zinakhudza nsalu pang'ono koma linamangika. Ndinagwada n'kumasula chitenje, n'kuchimanganso. Chinatheka.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chachinayi, chimene sindinabwere nacho. M'yotuwa ija, ngakhale pakanapanda za bokosi, ndikanavalira kuti? Ndikanatuluka m'mawa mutu uli pamtunda, chitenje chili m'manja, amuna akuotha moto poteropo. Alamu sakanaliganiza limenelo, iwo amagona ndi buluku n'kudzuka nalo.

Ndinatulutsa mutu. "Amayi, muno ndikutha kumanga duku."

Apongozi anayandikira n'kusuzumira. Kenako anandiuza kuti ndituluke, alowe iwo.

"Amayi, msana," anatero alamu.

"Msana ndi wanga. Tenga kheni."

Analowa chokwawa akubuula, n'kutseka zipi okha. Alamu anathira pang'onopang'ono moopa. Mawu anatuluka m'kati.

"Ukuthirira mbewu ya fodya kodi? Thira ngati mvula!"

Anakhuthula kheni yonse, n'kukatunganso ina, n'kuthira makamaka pachigamba paja ndi m'misoko. Ine ndinaima nditagwira pakamwa. Ntchito yanga yonse inali pa nsalu imeneyo. Madzi anatha. Kenako zipi inatseguka, apongozi n'kutuluka chambuyo. Anadzipapasa kumutu, m'mapewa, kumbuyo. Anapapasanso pansi pa tenti.

"Kununkha kokha," anatero. "Koma musaichape."

Ndinaseka misozi ili m'maso. Iwo sanaseke. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachingwe ka sisalo, n'kundionetsa kuti zipi ili ndi timitu tiwiri, ndizidzatimanga pamodzi cham'kati ndisanagone. Kuvomera kwawo kunali kumeneko.

Jombo ndinakazipereka ndekha madzulo ake. Ndinazipukuta kaye. Mwini tenti uja anaziyesa pomwepo, zinamukwana, ndipo ndinachoka msanga asanayambe kuyenda nazo.

Tenti ya malemu sindinaitaye. Zikhomo zake zinali bwinobwino, zina zoti anakhotetsa okha kuchokera ku waya wa chigwiriro cha ndowa, ndiye zinalowa m'thumba la yofiirira ija. Nsalu yake yapansi ndinaidula ndi lumo molingana, kuti ndiziyala kunsi miyala isaboole. Yotsalayo ndimafunditsira nandolo pakhonde.

Tsiku la ulendo litafika, tinanyamuka m'mamawa kudzera pa Fort Lister pomwepo. Kukwera kunandipweteka m'mawondo, sindinama, koma dengu silinandigonjetse. Onyamula katundu ena anali anzawo a malemu, ankanditchula kuti alamu onsewo, ndipo mmodzi anali atavala jombo zija. Ndinkayenda patsogolo pake kuti ndisaziyang'ane. Tinafika panyumba yamatabwa ya ku Sombani dzuwa litapendeka, nkhungu itayamba kutsika m'mapiri.

Ndisanasonkhe moto ndinayamba ndaimika tenti. Ndinasankha malo kuseri kwa mwala waukulu, moyang'anana ndi zenera la chipinda cha amayi achilendo aja. Pansi panali thanthwe lokutidwa ndi dothi lochepa, zikhomo zina zinalowa, zina ayi, koma inaima. Amuna aja ankaonerera ali pakhonde. Wina ananyamuka kuti adzathandize, alamu n'kumubweza.

"Asiye. Amayi anati aliyense wokhudza tenti imeneyo akafotokoze yekha kumudzi."

Chiperoni chinasanduka mvula ndili pakati pophika. Inagwa yamphamvu, yamphepo, kukhitchini kuja n'kumalowa m'mbali. Ndinkapakula mpunga maso ali pakhomo, ndikuganiza za bulangete langa ndi zovala zimene ndinasiya m'tenti. Kheni ndi kheni, iyi inali mvula ya kuphiri. Alendo atadya, mbale nditatsuka, kusanade kwenikweni, ndinathamangira kuja pepala la pulasitiki lili kumutu.

Inali pomwe ndinaisiya, ikugwedezeka koma ili chiimire. Ndinalowa n'kuyamba kupapasa ngati apongozi. Bulangete louma. Pakona pa chigamba pouma. Pansi pouma. Ndinamanga kachingwe ka sisalo ku timitu ta zipi, ndinavula duku lonyowa n'kumanga louma, n'kukhala tsonga kumvetsera mvula ikumenya pamwamba pa mutu wanga osandipeza. Ndinapemphera mawu ochepa. Kunsi kwanga kunali nsalu yobiriwira ija.

M'mawa ndinatuluka nditavala kale, n'kukasonkha moto wa tiyi. Amuna aja anatuluka m'chipinda chawo maso ali ofiira ndi utsi, akukangana kuti ankaliza mkonono ndani. Alamu anabwera ndi kapu.

"Alamu, afisi sanabwere kudzafunsa mtengo wa matemba?"

"Anabwera. Ndawauza kuti wolondolera alendo ndi amene wanenepa."

Tisanatsike anandiuza kuti ulendo wotsatira ndikonzekenso, alendo aukonda mpunga.

Titafika kumudzi ndinayamba kwa apongozi, dengu lili pamutu. Ndinawapeza akusenda chinangwa pamalo pawo pomwe paja. Sanafunse za phiri, kapena za alendo.

"Munanyowa?"

"Ayi, amayi."

"Chingwe munamanga?"

"Masiku onse."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kusenda. Kenako analoza ndi mpeni kumtengo wa mango.

"Kaiyanikeni pamthunzi apo. Matopewo mungopukuta."